Khola Lalikulu la Kapitawo

4 Malichi

Okondedwa achemwali,

Landirani moni wa manja awiri, lina lagwira chipeso, lina sizasi. Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji, akadali kudzikhoma zala ndi hamala? Nanga amayi? Ndalemba kalata m'malo moimba foni poti munati makutu a amayi anatsekeratu. Mukatha kuwerenga muwapatsire, adziwerengere okha ndi magalasi awo aja.

Ine kuno ndili bwino mpaka anthu akudandaula. Malo anga ometera akumadzaza ngati chipatala Lolemba. Dzulo lokha tsitsi lomwe ndinasesa likanakwana matiresi awiri. Munthu amalowa muno ali nkhalamba, akafika kwawo mkazi wake n'kumufunsa kuti, "Mukufuna ndani, achimwene?"

Koma nkhani yaikulu ndi iyi: mlongo wanu ali ndi galu. Osati agalu akumeneko owerengeka nthiti, ayi. Uyu ndi wa mitundu iwiri. Mayi wake ndi wa ubweya woyera wopotanapotana, bambo wake ndi wa mphuno yophwatalala, maso ngati mababu. Iye anatenga zabwino zokhazokha mbali zonse, monga ndinachitira ine m'banja mwathumo.

Anali wa mayi wina, namwino, amene wasamukira m'nyumba yosanja yomwe salola ziweto. Anabwera naye kuno ubweya utamangana ngati mopu yakale, nati, "Bambo, kodi izi mungazithe?" Ndinati, "Mayi, ine ndinametapo munthu ali ndi ntchofu, akuyetsemula, osamucheka." Ndinamumeta mwa mkango: thupi kusalaza, m'khosi kusiya manyenje, kumchira mphonje. Mayi uja ataona anati, "Basi, mwini wake ndinu."

Ndamutcha Kapitawo poti ndiye woyang'anira ntchito muno. Makina ometera akamalira sindimva kalikonse, koma munthu akangogwira chitseko, Kapitawo amauwa n'kudzandikanda mwendo mpaka nditatembenuka. Ndinamuphunzitsa ndekha masiku atatu ndi tizidutswa ta chiwindi. Akauwa, magalasi amanjenjemera. Tsiku lina anathamangitsa amuna atatu onyamula katundu mpaka kumsika. Chithunzi ndaikamo. Wojambula anachita kugona chafufumimba kuti amutenge bwino.

Ndiuzeni za kumeneko, musandimane nkhani.

Ndine mlongo wanu,
Sizasi, mwini mitu yonse

16 Malichi

Mlongo wanga,

Kalata yako tailandira. Tili bwino, koma pali nkhani yomwe ndikufuna uimve osaseka.

Sabata yatha, masanasana, munthu analowa m'nyumba mwa amayi. Iwo anali pa makina awo osokera, atafulatira chitseko monga amakhalira kuti aziona bwino ndi kuwala kwa pawindo. Munthuyo anatenga ayironi ndi nsalu ya diresi la ukwati la mwini wake, n'kutuluka. Amayi sanamve kanthu. Tangoganiza wakubayo akanakhala ndi maganizo ena. Ngakhale makasitomala akumagogoda mpaka zala kuwawa, n'kubwerera.

Ine ndi alamu ako tinagwirizana kuti amayi asamukire kwathu, m'kachipinda ka kumbuyo kaja, m'nyumba yawo tiikemo anthu a lendi. Makinawo sangakwanemo, koma pa msinkhu wawo apume. Nditawalembera zimenezi papepala, analing'ambang'amba, nati, "Muno ndidzatulukamo chogona."

Kenaka ndinawapatsa kalata yako. Chithunzi chija anachiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Chilombo ichi chitagona pakhomo panga, angalowe ndani?" Ndiye tinapangana chonchi: galu wakoyo abwere, ndipo Meyi akamatha ine ndikhutire kuti munthu sangawalowererenso. Zikatero amayi akhala. Apo ayi, asamuka.

Ndikudziwa kuti pakamwa pako pamathira mchere wambiri, koma chithunzi sichinama. Patha zaka ziwiri usanaponde kuno. Chita chimodzi chokha ichi. Alamu ako ayamba kale kusankha matabwa a khola.

Ine ndithamange, makope a ana akundidikira.

Mchemwali wako

27 Malichi

Achemwali anga,

Moni nonse. Nditawerenga za wakuba uja ndinakwiya moti ndinatsegula msewu pakati pa mutu wa bambo wina wa ku banki. Ndinamuuza kuti ndi sitayilo yatsopano, anapita akuthokoza. Munthu kubera amayi anga ine! Akadzalakwitsa kukhala pa mpando wanga, ndidzamusiyira khutu limodzi loti azimvera malangizo.

Za kusamutsa amayi musafulumire. Mukawachotsa pa makina aja mwawachotsa mpweya. Ine ndi inu tinakulira pansi pa tebulo limenelo tikutola mabatani, mwaiwala?

Kapitawo ndibwera naye, vuto palibe. Kungoti galu ameneyu si wamba, ali ndi malamulo ake. Amapesedwa tsiku ndi tsiku, apo ayi ubweya umamanga mfundo kuseri kwa makutu ndi m'khwapa. M'maso mumapukutidwa m'mawa uliwonse ndi thonje lonyowa, poti amatuluka misozi ngati munthu wokanidwa. Mafupa a nkhuku ayi, angamubaye m'mimba. Amadya kawiri: mpunga, dzira, kanyama, karoti pang'ono. Mano ndimamutsuka ndi mswachi wakewake. Katemera wa chiwewe anamubaya kale, khadi ndili nalo, ndipo dokotala wa ziweto anachita kuitana anzake kuti adzamuone. Kukazizira amavala juzi. Musaseke, ngakhale asilikali amavala majuzi.

Za khola, auzeni alamu asavutike kwambiri. Kapitawo si wodzikuza, amakwana paliponse.

Wanu yemwe uja,
Sizasi

9 Epulo

Alamu,

Moni. Ine pensulo yanga ndi yolembera pathabwa, ndiye ndifupikitsa.

Khola latha. Munati ndisavutike, koma mlendo wolemekezeka sagonekedwa m'katoni. Miyezo simunatumize, choncho ndinayeza pachithunzi. Ndinaona kuti mutu wake ukulingana ndi chogwirira cha chitseko chomwe chili kumbuyo kwake, ndiye ndinawonjezako pang'ono poti mwina akukulabe. Ndinalowamo ndekha n'kugona, miyendo kutambasula, malo n'kutsala. Denga ndi la malata, pansi ndakhoma matabwa kuti asamve chinyezi. Unyolo ndatenga kwa mnzanga wowotcherera zitsulo, ndi womwe amamangira mageti. Mbale yodyera ndi beseni.

Apongozi akusoka juzi ija. Adula bulangete lathunthu.

Mumsewu muno nkhani yafala, ana asiya kudutsira pakhomopo. Mundiuze tsiku, ndidzakuchingamireni padepoti ndi galimoto yonyamulira matabwa, poti m'takisi sangakwane.

Funso limodzi lokha: kodi achibale amawaluma?

Mlamu wanu

19 Epulo

Achemwali,

Moni. Iyi muwerenge nokha, muli chikhalire.

Kalata ya alamu yandipeza.

Pa zonse zomwe ndinalemba palibe bodza ngakhale limodzi, kungoti choonadi china chinatsalira m'bolopeni. Kapitawo ndi mkango, inde, koma ukulu wake uli mkati. Kunja kwake ndi ngati lofu imodzi ya buledi yomwe yamera miyendo. Akaima monyada amathera pa msongolo. Amadyera m'sosala. Magalasi amanjenjemeradi akauwa, poti amauwa atakhala pa shelefu yomwe pali magalasiwo. Amuna atatu aja anawathamangitsadi. Iwo ankapita kale kumsikako, iye anangowatsata pambuyo akuwalalatira. Wojambula anagona pansi chifukwa akaima ankangojambula simenti.

Koma mutu wake, achemwali, mutu! M'kalasi mwanumo akanakhala woyamba, inu n'kumamufunsa masamu. Muno simunasowepo ngakhale chipeso chiyambire kubwera kwake. Ine ndikuti ntchito ya kwa amayi aitha, ndipo mukudziwa kuti sindilankhula zinthu zopanda mutu.

Auzeni alamu mwanzeru, atadya kale. Galimoto ya matabwa aisiye. Amayi asamalize bulangete, mkono umodzi wa juzi yakale ukwana.

Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa, kasitomala wanga wokhulupirika, kuti ifike msanga. Mukaona kuti sizingatheke, ndiyankheni. Mukakhala chete ndidziwa kuti mwavomera, ndipo Loweruka pa 9 Meyi ine ndi Kapitawo tifika.

Mlongo wanu woona mtima,
Sizasi

13 Meyi

Iwe,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatilera bwino.

Kalata yako yoti galu ndi lofu ya buledi yafika dzulo, patatha masiku atatu galuyo atafika kale. Kondakitala wako wokhulupirikayo anaiiwala m'thumba la jekete, mkazi wake ndiye waipeza pochapa. Ife tinangolandira uthenga wa tsiku lofika womwe unatumiza pafoni ya alamu ako. Ine ndinali ku maphunziro a aphunzitsi, ndinafika Lamlungu madzulo iwe utathawa kale pa basi ya masana. Unadziwa chomwe unkathawa.

Alamu ako andifotokozera zonse. Anafika padepoti ndi galimoto, amuna awiri othandiza, unyolo uli paphewa. Iwe unatsika ndi kachikwama kamodzi. Iwo anapita kumbuyo kwa basi kukadikira kuti atsegule kokhala katundu. Atatopa anakufunsa kuti, "Alamu, galu ali kuti?" Iwe n'kutsegula zipi. Akuti mmodzi wa amuna aja anakhala pansi pamsewu chifukwa cha kuseka, winayo anafunsa ngati kamayendera mabatire. Ndipo iwe wopanda manyazi unakwera nako kumbuyo kwa galimoto, n'kumabayibitsa anthu msewu wonse ngati mwapambana chikho.

Pakhomo pa amayi panali anthu ngati pali ukwati, ana ali pamwamba pa mpanda. Alamu ako atayesa kukamanga, kanadutsa m'lamba wa unyolo uja thupi lonse, n'kukalowa m'beseni lodyera, n'kugona momwemo. Lero ndi tsiku lachitatu alamu ako asanapite kuntchito. Akangotuluka, anzawo akumawauwa ndi mawu aang'ono.

Amayi sananene kanthu. Kagalu kako kakungokhala pamiyendo pa amayi ngati mpira wa ulusi, iwo akusoka. Akukapesa, akukapukuta m'maso, akukaphikira dzira. Zonsezo n'zabwino, koma ine sindinapemphe chidole. Wakuba akabweranso adzakaika m'thumba limodzi ndi ayironi.

Pa 31 amayi asamuka. Ubwere udzatenge kanthu kako.

Mchemwali wako, amene wachita manyazi mokwanira

17 Meyi

Achemwali okoma mtima,

Moni wanu ndaulandira, ngakhale unafika wozizira. Ine ndili bwino. Sindinathawe ayi, kuno kunali mzere wa mitu kuyambira pakhomo mpaka pa mphambano, ena atayamba kale kuoneka ngati tchire.

Alamu muwapepesere. Auzeni kuti kuyambira lero ndiziwameta ulere moyo wawo wonse. Ndikudziwa kuti tsitsi lawo latsala lowerengeka, koma lomwe lilipolo ndizilisamala lililonse palokha. Khola lija ndi lokongola, sindinaonepo. Ndinalowamo, ndinafuna kufunsa ngati muli magetsi.

Tsono pangano lathu. Munati Meyi akamatha, ndipo Meyi akadalipo. Inu ndinu mphunzitsi, simungalephereretse mwana asanalembe mayeso. Lamlungu lija m'mawa, ndisanakwere basi, ine ndi amayi tinagwira ntchito. Ine ndinkatuluka n'kugwira chitseko, iwo atasunga chiwindi m'kabati ya makina. Zina sindikuuzani, ndi zinsinsi za ntchito.

Mayeso ake ndi awa. Sankhani tsiku lomwe mukufuna, musauze munthu. Lowani mwa amayi mwakachetechete ngati wakuba uja, mutenge chilichonse patebulo, mutuluke nacho. Mukafika nacho pageti amayi asanakuoneni, ine ndibwera ndekha kudzasenza katundu wawo pamutu mpaka kwanu, kabati ndi bedi ulendo umodzi. Koma mukagwidwa, amayi akhala m'nyumba mwawo. Chimodzi chokha: musamutsitse pamiyendo pawo, ndipo kukhola kuja asapiteko. Ofesi yake ndi pomwe alipo.

Mumuone zikhadabo, zikayamba kulira pasimenti ndiye kuti zakula. Kuseri kwa makutu muzifufuzako nkhupakupa. Si kuti ndamusowa ayi, ine ndi munthu wotanganidwa. Kungoti muno muli zii. Dzulo bambo wina anaima kumbuyo kwanga osamuona mpaka ndevu zinamera kachiwiri.

Ndine wosagonja,
Sizasi

2 Juni

Mwana wanga,

Ndakulembera ndekha. Usaseke zilembo, dzanja langa linazolowera choko cha pansalu. Ine ndili bwino. Iwe kudya ukudya? Unabwera wowonda, ponenepa ndi pakamwa pokha.

Lachisanu masana ndinkapinda siketi, Kapitawo ali pamiyendo panga. Mwadzidzidzi kathupi konse kanayamba kugunda ngati makina akatafuna ulusi. Kuuwa kwake sindikumva, koma ntchafu zanga zimamva. Anatsika, kuthamangira kuchitseko, kubwerera, kundikanda mwendo. Potembenuka ndinapeza wakuba wavula nsapato, wazigwira kumanja, dzanja linalo lili pa sizasi yanga yaikulu. Wakubayo ndi mphunzitsi, ndinamubereka ndekha. Ndinati, "Takulandirani mayi, mwabwera kudzayeza diresi?"

Mchemwali wako umamudziwa, sagonja kamodzi. Loweruka anayesa khomo la kukhitchini. Ndinamudikira ndi kapu ya tiyi. Lamlungu anatuma mwamuna wake, yemwe anavala masokosi awiriawiri kuti asamveke. Ameneyo Kapitawo anamugwira mwendo wa buluku, osausiya, mpaka mayi woyandikana nafe anatulukira ndi tsache. Akuti mawu a kagaluka amaboola khoma, ndipo kakangoyamba iye amasuzumira.

Galu wa pachithunzi uja akanabwera, bwenzi ali kukhola uko akuuwa mpaka kusasa mawu, ine ndikusoka osadziwa kanthu. Ine sindinkasowa mano, mwana wanga, ndinkasowa makutu. Tsopano palibe kasitomala amene akubwerera pakhomo. Mayi wa diresi la ukwati uja wabweretsa nsalu ina, ndipo chipinda chako chakale chadzaza ndi ntchito mpaka pabedi.

Lamlungu lomwelo mchemwali wako anakhala pansi, anapumira m'mwamba, natenga pepala n'kulemba mawu amodzi: "Khalani." Limenelo sindinang'ambe. Lili m'kabati ya makina.

Tsono tamvera. Galu sabwerera. Ndikudziwa kuti zikupweteka. Ndinakuona pageti paja ukumupsompsona pamutu, ukuyesa kuti sindikuona. Ogontha timaona kwambiri. Koma ubweya wake ukukula, maso ayamba kubisika, manyenje aja asanduka chitsamba. Sizasi ndili nayo, koma yanga ndi ya nsalu. Mchemwali wako akuti pali wometa wina pafupi ndi msika. Ndamuuza kuti Kapitawo ali ndi wometa wakewake. Pakhadi lake la katemera lija unalemba ndi dzanja lako kuti amametedwa mwezi uliwonse. Ine ndawerenga bwinobwino ndi magalasi. Mwezi uliwonse.

Bulangete lija latuluka majuzi asanu ndi anayi. Nsalu yotsala ndakusokera chipewa.

Mayi ako

7 Juni

Amayi anga,

Moni, ndipo mundiperekere moni kwa akuba onse awiri.

Mwaonatu tsopano! Zonsezi ndinazikonza ndili kuno, kuyambira tsiku lomwe wojambula anagona pansi. Ndikanakuuzani poyamba kuti ndikubweretserani makutu a miyendo inayi, achemwali akanavomera? Munthu wanzeru amayamba wasekedwa. Kalata yanu ndaiwerengera makasitomala onse, ena kawiri, ndipo bambo wa ku banki uja analira mpaka ndinamupukuta ndi thaulo lotentha.

Kapitawo akhale kumeneko, ndamukweza pantchito. Kuno ndamangirira belu pachitseko. Limalira ndithu, koma silikondwera likandiona m'mawa. Mwendo wangawu ukumadikirabe kukandidwa, ndiye ndikumaukanda ndekha.

Pakhomo ndakhomapo chikwangwani chachikulu: LOWERUKA LACHIWIRI LA MWEZI ULIWONSE WOMETA ALI KWA KASITOMALA WAMKULU. Anthu akufunsana kuti kasitomalayo ndani, ine ndikungoti, "Ali ndi nyumba ziwiri, telala wakewake ndi majuzi asanu ndi anayi." Ndifika Loweruka lino ndi makina, chipeso chaching'ono ndi chodulira zikhadabo. Musamudule ngakhale tsitsi limodzi. M'maso mungomumanga kamphira kuti aziona akuba.

Mwati chipinda changa chadzaza nsalu. Musachotse kanthu, ntchito ndi ntchito. Auzeni alamu asaphwasule khola lija. Iwo eni anati munthu amagonamo miyendo kutambasula, malo n'kutsala. Angoikamo pilo. Unyolo wokha achotse, poti sipafunika kundimanga, mwezi wamawa ndibweranso ndekha.

Mwana wanu,
Sizasi, wometa wa Kapitawo